Kodi doxorubicin amangodula DNA, kapena amasokonezanso ma histone?

Namwino wa ku wodi ya khansa

Moni nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha. Tili ndi bambo wina amene analandira CHOP (mankhwala anayi a khansa ophatikiza, mmodzi mwa iwo ndi doxorubicin, amene ndi wofiira) maulendo asanu ndi limodzi zaka ziwiri zapitazo, ndipo tsopano lymphoma, khansa ya maselo oyera a magazi, yabwereranso. Akazi awo, amene amaphunzitsa sayansi ku sekondale, anandifunsa chifukwa chimene adokotala akukanira kubwereza mankhwala ofiira aja, popeza ndi amene anathandiza ulendo woyamba. Ndinawayankha zimene tonse tinaphunzira, kuti doxorubicin ali ndi malire a moyo wonse, pakati pa 450 ndi 550 mg pa sikweya mita ya thupi, ndipo amuna awo analandira kale 300, choncho maulendo ena asanu ndi limodzi angafooketse mtima osadzachiranso. Mayiwo anamvetsa, koma anandibwezera funso lina limene linanditseka pakamwa. Iwo anati, ngati mankhwalawa amapha maselo amene akugawikana mofulumira, monga tinawauzira pamene tsitsi linkathothoka, nanga mtima ukulowamo bwanji, pamene maselo ake sagawikana? M'buku limene tinaphunzira analemba kuti doxorubicin amalowa pakati pa DNA n'kutsekereza topoisomerase II (enzyme imene imadula DNA ndi kuilumikizanso kuti isapiringizane), nkhani n'kuthera pomwepo. Mnzanga wina wandiuza kuti palinso nkhani ya ma histone. Ndikupempha amene akuidziwa bwino atimasulire, kuti mayiwa akadzabweranso ndidzakhale ndi chowauza choona.

Mphunzitsi wopuma wa biochemistry

Achemwali, funso la mayiwo ndi la munthu woganiza, ndipo mwachita bwino kusalikwirira. Ndiyambe ndi pamene mabuku ambiri amatisocheretsa. Chithunzi chimene timajambula pa bolodi, cha DNA yopotana ili yokhayokha, si mmene DNA imakhalira m'thupi. Selo imodzi ya munthu ili ndi DNA yotalika pafupifupi mamita awiri, ndipo yonseyo imakwana mu nucleus imene singaoneke popanda maikulosikopu. Kuti ikwane popanda kupiringizana, imakulungidwa monga telala amakulungira ulusi pa bobini, kungoti mabobini ake ndi mamiliyoni ambiri, ondandalikana pa ulusi umodzi womwewo. Bobini iliyonse ndi mapuloteni asanu ndi atatu otchedwa ma histone, awiriawiri a mitundu inayi: H2A, H2B, H3 ndi H4. DNA yokwana ma base pair 147 (zilembo za DNA zogwirana ziwiriziwiri) imazungulira pamenepo kosakwana kawiri, ndipo chinthu chonsecho ndi chimene timati nucleosome. Pakati pa nucleosome ina ndi inzake pamatsala kachigawo ka DNA kapoyera, pamene histone wachisanu, H1, amakhala ngati mfundo yomangira. DNA pamodzi ndi mapuloteni amenewa ndiyo chromatin.

Albrecht Kossel anapeza ma histone mu 1884, koma kwa zaka zambiri anthu ankawaona ngati zokutira chabe. Roger Kornberg anafotokoza kapangidwe ka nucleosome mu 1974, ndipo mu 1997 Karolin Luger ndi Timothy Richmond ku Zurich anaonetsa maonekedwe ake atomu ndi atomu. Chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi chaji: DNA ndi ya negetivu, pamene ma histone ali ndi lysine ndi arginine wambiri, tizidutswa tomangira mapuloteni, amene ndi a pozitivu. Pamene chromatin yamangika kwambiri, majini a pamenepo sawerengeka. Pamene yamasuka, selo imawawerenga n'kupanga mapuloteni. Selo ya mtima ndi selo ya chiwindi zili ndi DNA yofanana ndendende, ndipo zimasiyana chifukwa cha masamba amene ali otsegula ndi amene ali otseka.

Ndiye mankhwala alionse amene timati amagwira DNA, kaya doxorubicin, kaya cisplatin amene timapereka kwa amayi a khansa ya khomo la chiberekero, sakumana ndi ulusi wapoyera. Amakumana ndi ulusi wokulungidwa, ndipo bobini imasankha malo amene angafikepo. Za mtima ndisiyira anzathu a mu labu, chifukwa zambiri zatulukira ine nditasiya kale choko.

Wophunzira udokotala, chaka chachitatu

Zikomo kwambiri aphunzitsi. Pepani ndifunse pamene sindinamvetse. Ife tinaphunzira kuti etoposide, mankhwala ena a khansa, nayenso amatsekereza topoisomerase II ndipo amasiya DNA yoduka mbali zonse ziwiri, chimodzimodzi ndi doxorubicin. Komabe etoposide sitimuwerengera malire a moyo wonse chifukwa cha mtima. Ngati onse awiri akugwira enzyme imodzi, kusiyana kumeneku kukuchokera kuti? Pa mayeso timangoyankha kuti ndi ma free radical (tizinthu taukali ta okosijeni towononga selo), koma sindinakhutirepo ndi yankho limenelo.

Wofufuza wa mu labu, Cape Town

Mng'ono wanga, mwakhudza pachilonda penipeni, ndipo kuyerekeza mankhwala awiri amenewa ndi kumene kunatsegula nkhani yonse. Mu 2013 gulu la Jacques Neefjes ku Netherlands Cancer Institute, mu mzinda wa Amsterdam, linaika chizindikiro chowala pa ma histone a maselo amoyo, kenaka n'kuthira mankhwala. Atathira doxorubicin, ma histone anayamba kuchoka pa DNA, makamaka pa malo amene chromatin inali yomasuka, kumene majini ankawerengedwa. Atathira etoposide, DNA inaduka monga mwa nthawi zonse, koma ma histone anakhalabe pamalo pake. Chaka chomwecho gulu la Steven Henikoff ku Seattle linapeza kuti doxorubicin amachititsa ma nucleosome kuphwasuka ndi kumangidwanso mofulumira pafupi ndi poyambira majini. Magulu awiri osiyana, njira zosiyana, koma anaona chinthu chimodzi.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mankhwalawo. Doxorubicin ali ndi mbali yophwatalala imene imadzilowetsa pakati pa ma base pair awiri, n'kumasula kapotedwe ka DNA pang'ono. Koma alinso ndi kachidutswa ka shuga kotchedwa daunosamine, kamene kamatsalira kunja n'kugona mu kangalande kakang'ono ka DNA. Mu kangalande komwemo ndi mmene ma arginine a ma histone amalowa kuti agwire ulusi. Awiri sangagone pa mphasa ya mmodzi, choncho mankhwala akachuluka histone amasowa pogwira n'kuchoka. Ofufuza aja atayesa doxorubicin wochotsedwa shugayo, ma histone sanachoke. Etoposide sagona m'kangalande kameneka. Iye amangogwira enzyme ili pakati pa ntchito n'kuiletsa kulumikiza pamene yadula.

Tsopano ganizirani zimene zimachitika histone akachoka. Choyamba, amapita pamodzi ndi zizindikiro zimene zinali pa iye, zimene zimauza selo kuti jini ili iwerengedwe, ili isawerengedwe. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandikhudza kwambiri, pakati pa ochokawo pali histone wotchedwa H2AX. DNA ikaduka, H2AX wa pamalopo amaikidwa phosphate, ndipo chimenecho ndi mfuu yoitana mapuloteni okonza, monga William Bonner ndi anzake anaonetsera mu 1998. Doxorubicin amadula ulusi, kenaka amathamangitsa woimba mfuu. Bala lilipo, koma okonza sakumva kuitana.

Achemwali a ku wodi, apa ndi pamene pali yankho la mayi aja. Selo siyenera kugawikana kuti ikhale ndi chromatin yomasuka. Selo ya mtima imawerenga majini ake usana ndi usiku, choncho ili ndi malo ambiri otsegula amene doxorubicin angafikepo. Ilinso ndi mtundu wake wa enzyme ija, topoisomerase II beta, umene umapezeka ngakhale m'maselo osagawikana, ndipo mu 2012 gulu la Edward Yeh ku Houston linaonetsa kuti mbewa zimene mitima yawo inachotsedwa enzyme imeneyi zinatetezeka kwa doxorubicin. Tsitsi limameranso chifukwa maselo ake amabadwa atsopano, koma selo ya mtima ikafa, malo ake amatsekedwa ndi chipsera. N'chifukwa chake timawerengera mulingo wa moyo wonse, osati wa chaka chimodzi.

Wa ku famase

Ndawerenga zonse mwachidwi, koma ndiloleni ndiike mwala panjira, osati monyoza ayi. Doxorubicin si mlendo. Anachokera ku bakiteriya wa m'nthaka ya ku Italy, Streptomyces peucetius, ndipo dzina loti Adriamycin linatengedwa ku nyanja ya Adriatic. Ku America analoledwa mu 1974. Kwa zaka pafupifupi makumi anayi anachiritsa anthu osawerengeka popanda aliyense kudziwa za kuchoka kwa ma histone, ndipo malire a mulingo tinawadziwa poona odwala, osati poona maselo m'mbale. Ndiye ndikufunsa moona mtima: kudziwa izi kwasintha chiyani pa shelefu yanga? Mulingo ndi womwe uja, malire ndi omwe aja. Ine ndimauza odwala kuti walira mvula walira matope, mankhwala amphamvu sabwera okha opanda zowawa.

Ndili ndi nkhawa inanso. Zambiri zimene achimwene a ku Cape Town afotokoza zinaoneka m'maselo a m'mbale ndi mu mbewa. Tonse tikudziwa mankhwala amene anachita zodabwitsa mu mbewa koma atafika kwa anthu n'kungoti zii. Komanso nkhani ya ma free radical sindikufuna tiitaye msanga, chifukwa doxorubicin amagwiradi ayironi ndipo amaunjikana mu mitochondria, mbali ya selo yopanga mphamvu, imene mu mtima ndi yochuluka kwambiri.

Wofufuza wa mu labu, Cape Town

Achimwene, mwanena zoona kuti mulingo sunasinthe, ndipo palibe amene ayenera kusintha kaperekedwe ka mankhwala chifukwa cha zimene ndalemba. Za ayironi ndi mitochondria sindikuzikana, n'kutheka kuti njira zingapo zimathandizana kuwononga mtima. Ndingokumbutsa kuti dexrazoxane, amene amateteza mtima, tinkati amagwira ntchito pomanga ayironi, koma iyenso amagwira topoisomerase II, pamene mankhwala ena omanga ayironi sanateteze mtima mofanana naye.

Koma mwambi wanu ndi umene ndikufuna tiuunike, chifukwa funso la ofufuza ndi lakuti kodi mvula imeneyi singagwe ndi matope ochepa. Pali m'bale wake wa doxorubicin wotchedwa aclarubicin, amene anapezeka ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ndipo amagwiritsidwa ntchito pa acute myeloid leukaemia ku Japan ndi ku China. Iyeyu amachotsa ma histone koma sadula DNA. Choncho tili ndi atatu oyerekeza: etoposide amadula osachotsa, aclarubicin amachotsa osadula, doxorubicin amachita zonse. Mu 2020 gulu la Neefjes, litasamukira ku Leiden, linaonetsa mu mbewa ndi mu tizidutswa ta minofu ya mtima wa munthu tokulitsidwa mu labu kuti mtima umawonongeka kwambiri pamene zochita ziwirizi zakumana, osati china chikakhala chokha. Iwo anasinthanso doxorubicin pang'ono, poika magulu awiri a methyl pa nitrogen wa shuga uja, ndipo anatuluka mankhwala amene amachotsa ma histone osadula DNA, amaphabe maselo a khansa, koma mu mbewa sanafooketse mtima. Amenewo sanafike pa shelefu ya aliyense, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe aclarubicin si nkhani ya mbewa, ndi mankhwala amene anthu akhala akulandira kwa zaka zambiri. Ine ndikuona kuti umenewu ndi umboni wolemera wakuti kuwononga chromatin pakokha kumapha khansa, chinthu chimene mabuku athu sanatchule n'komwe.

Mphunzitsi wopuma wa biochemistry

Ndiwonjezere mbali imene ndinaiona ikukula ndili pa ntchito. Doxorubicin amasokoneza ma histone mwangozi, titero kunena kwake, chifukwa omupanga sankalinga zimenezo. Koma pali mankhwala amene cholinga chake ndi ma histone enieniwo. Mu 1964 Vincent Allfrey ku Rockefeller, mu New York, anaona kuti michira ya ma histone imaikidwa acetyl, ndipo anaganiza kuti izi zikukhudzana ndi kuwerengedwa kwa majini. Acetyl akakhala pa lysine amafafaniza chaji ya pozitivu ija, histone amagwira DNA mofooka, chromatin n'kumasuka. Panapita zaka zoposa makumi atatu kuti ma enzyme ake agwidwe: mu 1996 David Allis anapeza woika acetyl, ndipo Stuart Schreiber anapeza wochotsa, amene timati HDAC.

Njira imene mankhwala oyamba anabwerera imandisangalatsa mpaka lero. Mu 1971 Charlotte Friend anaona kuti maselo a leukaemia ya mbewa akathiridwa madzi osungunulira mankhwala otchedwa DMSO amayamba kupanga haemoglobin n'kufiira, ngati akumbukira ntchito imene anabadwira. Paul Marks ndi Ronald Breslow anatsata fungo limenelo kwa zaka zambiri mpaka anapanga vorinostat, amene amatsekereza HDAC, ndipo analoledwa ku America mu 2006 pa lymphoma ya ma T cell ya pakhungu. Romidepsin, wochokera ku bakiteriya wa m'nthaka ya ku Japan, anatsatira mu 2009. Mankhwala amenewa sadula ulusi. Amatsegula masamba amene khansa inatseka, kuphatikizapo majini amene amauza selo kuti ileke kugawikana kapena ife. Ndinene mosabisa kuti chiyembekezo chinali chachikulu kuposa zimene zinatuluka. Pa khansa zina za m'magazi athandiza, koma pa zotupa zolimba monga za m'mawere ndi za kummero, akakhala okha sachita zambiri.

Wophunzira udokotala, chaka chachitatu

Aphunzitsi, ndinawerengapo kuti sodium valproate, amene timapereka kwa odwala khunyu, nayenso amatsekereza HDAC. Ngati zili choncho, ndiye kuti tili kale ndi mankhwala a mtundu umenewu m'zipatala zathu, ndiponso otsika mtengo. Kodi sangathandize odwala athu a Kaposi kapena a lymphoma amene alibe kwina kolowera?

Dokotala wa ana

Mwana wanga, n'zoona kuti valproate amatsekereza HDAC, ndipo izi zinadziwika mu 2001. Koma ndikupemphani, inu ndi aliyense wowerenga pano, kuti pasapezeke munthu wopereka valproate ngati mankhwala a khansa. Mphamvu yake pa HDAC ndi yochepa poyerekeza ndi vorinostat, ndipo atayesedwa kwa odwala Kaposi ochepa ku America zotsatira sizinali zokhutiritsa. Kuonjezera apo, amapundula mwana m'mimba, makamaka msana, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti kusokoneza ma histone kuli m'gulu la zifukwa zake. Chinthu chimene chimatsegula majini mwachisawawa sichisankha kuti iyi ndi khansa, uyu ndi mwana amene akuumbika.

Kwa a ku famase ndikufuna kunena kuti kwa ife a ku wodi ya ana nkhaniyi si yakutali. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wachira Burkitt lymphoma kapena chotupa cha Wilms ali ndi zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi zoti akhale ndi mtima womwewo. Kwa ana timayamba kuda nkhawa mulingo ukafika 250 mg pa sikweya mita, ndipo mtima ukhoza kufooka patapita zaka khumi kapena makumi awiri, mwina pamene mtsikana uja wakula n'kutenga pakati. Mwana woperewera zakudya ndiye amatiopsa koposa, ndipo ambiri amafika kwa ife ali otero. Tsiku limene padzapezeke anthracycline (mankhwala a gulu la doxorubicin) wosakhudza mtima, opindula oyamba adzakhala ana ngati amenewa, amene sangapeze makina ojambula mtima chaka ndi chaka.

Palinso matope ena amene sitinawatchule. Odwala ena amene analandira etoposide kapena doxorubicin amadzadwala leukaemia patapita zaka zochepa, ndipo kawirikawiri DNA imakhala itaduka n'kulumikizika molakwika pa chromosome 11, pa jini yotchedwa KMT2A. Jini imeneyi imapanga enzyme yoika methyl pa histone H3. Choncho mankhwala amadula DNA, bala limalemaza wolemba zizindikiro pa ma histone, ndipo khansa yatsopano imabadwa chifukwa cha chromatin yosokonekera. Mu 2024 ku America analoleza revumenib, amene amalekanitsa KMT2A yolemalayo ndi puloteni mnzake wotchedwa menin. Kumeneku ndi kudziwa za chromatin kumene kwafika pa shelefu, ngakhale kuti si shelefu yathu.

Wofufuza wa mu labu, Cape Town

Popeza Kaposi watchulidwa, ndisachoke ndisananene chimene chinandikopa kulowa ntchito imeneyi. Kachilombo koyambitsa Kaposi sarcoma kanapezedwa mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore ku Columbia University. Kakalowa mu selo, DNA yake silowa mu chromosome ya munthu monga imachitira ya HIV, koma imakhala payokha ngati mphete. Ndiye selo ikamagawikana, mpheteyo imapewa bwanji kutayika? Kachilomboka kamapanga puloteni yotchedwa LANA, imene mbali ina imagwira mpheteyo, mbali ina n'kugwira nucleosome ya munthu, monga mwana amagwirira chitenje cha mayi ake pamsika. Mu 2006 gulu la Kenneth Kaye ku Boston, mothandizana ndi Karolin Luger yemwe uja, linaonetsa malo enieni amene LANA imagwira: kadzenje ka chaji ya negetivu pakati pa H2A ndi H2B, kamene amati acidic patch.

Kadzenje komweko ndi kamene akatswiri ena a mankhwala akukayang'ana. Curt Davey ku Singapore ndi Paul Dyson ku Lausanne anaonetsa mu 2014 kuti mankhwala oyesera a chitsulo cha ruthenium otchedwa RAPTA-C amakonda kumamatira pa ma histone osati pa DNA, pamene m'bale wake wosiyana naye pang'ono chabe amakonda DNA. Amenewo akadali a mu labu. Koma kachilombo koyambitsa khansa imene yatenga abale athu ambiri ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kamapulumuka m'thupi pogwira histone, ndipo ine ndikuona kuti ana athu ophunzira ayenera kuidziwa nucleosome monga amadziwira kachilombo ka malungo.

Wa ku famase

Ndavomera kuti ndinaichepetsa nkhaniyi, makamaka nditamva mbali ya ana. Ndikhalabe pa mfundo imodzi, yakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa Kaposi wofalikira, kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa mu 2020, amene Malawi, Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil anatengapo mbali, anaonetsa kuti paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amaposa etoposide wakumwa, ndiponso amaposa bleomycin ndi vincristine. Paclitaxel sagwira histone kapena DNA, amagwira ma microtubule, timizati timene selo imagwiritsa ntchito pogawikana. Nkhondo yanga ya lero ndi yakuti ameneyo asasowe. Za doxorubicin, chimene chili m'manja mwathu ndi kuwerengera, ndipo vuto limene ndimaliona ndi la wodwala amene anayambira mankhwala ku chipatala china, buku lake la kuchipatala linatayika kapena linadzaza, ndipo palibe akudziwa kuti analandira maulendo angati.

Namwino wa ku wodi ya khansa

Ndathokoza kwambiri aphunzitsi, adokotala ndi achimwene nonse. Mayi aja akubwera Lachinayi, ndipo ndidzawajambulira bobini ndi ulusi wake. Ndidzawauza kuti mankhwala ofiira aja amachita ziwiri, amadula ulusi ndiponso amagwetsa mabobini, kuti selo ya mtima ili ndi zonse ziwiri ngakhale sigawikana, ndipo ikafa sibadwanso ina. Mfundo ya a ku famase ndaitenga lero lomwe. Ndakambirana ndi asisita oyang'anira wodi yathu, ndipo tagwirizana kuti kuyambira mawa tizilemba mulingo wonse wa doxorubicin umene munthu walandira mkati mwa chikuto cha buku lake, ndi cholembera chofiira, n'kumawonjezerapo ulendo uliwonse, komanso tizimuuza wodwalayo ndi womudwazika nambalayo kuti aisunge pamtima. Adokotala a ana, ngati kwanu mumawerengera daunorubicin, m'bale wake wa doxorubicin, pamodzi ndi doxorubicin pa nambala imodzi, ndikupempha munditumizire mmene mumasinthira mulingo wa wina kupita kwa mnzake, chifukwa tili ndi mnyamata amene analandira onse awiri.